Funsani Adokotala: sukulu yathu ikukwanitsa zaka 50, koma eni ake angoti zii

FUNSO

Mayi Dokotala,

Ndine dokotala wamkazi, ndipo ndangotha zaka zochepa pantchito. Chaka chamawa sukulu imene inatiphunzitsa udokotala ikukwanitsa zaka 50. Akuluakulu andiika m'komiti yokonza chikondwerero, akuti poti ndine mwana, za mafoni ndi intaneti ndimazitha. Ntchito yanga ndi kusonkhanitsa onse amene anaphunzirapo. Pamsonkhano woyamba tinangotha nthawi kukangana za tsiku: ena akuti tiwerenge kuyambira pamene boma linavomereza sukuluyi, ena akuti pamene ophunzira oyamba analowa m'kalasi. Pulogalamu imene yalembedwa ndi ya zolankhula za akuluakulu m'mawa, phwando kuhotela madzulo, kenako kupempha ndalama. Ndinatsegula gulu la WhatsApp koma anthu sakuyankha, akaponya kachithunzi ka chala basi. Pulofesa wina wanenanso kuti amene anapita kukagwira ntchito kunja asapatsidwe mipando yakutsogolo chifukwa anathawa. Ndiyambire pati?

Wosowa pogwira

YANKHO

Adokotala anzanga,

Za tsikuzo zisakusowetseni tulo. Sukulu iliyonse ya udokotala ili ndi masiku obadwa angapo, imangosankhapo limodzi. Ya ku Edinburgh, ku Scotland, imawerenga kuyambira 1726, n'chifukwa chake 2026 ndi chaka chake cha 300, komatu Alexander Monro anali atayamba kale kuphunzitsa anatomy, phunziro la kapangidwe ka thupi la munthu, mumzindawo mu 1720. Yunivesite ya Makerere ku Uganda inakondwerera zaka 100 mu 2022, pomwe maphunziro a udokotala kumeneko anayamba mu 1924. College of Medicine ya ku Blantyre inatsegulidwa mu 1991, koma mu 2021 inaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing n'kukhala Kamuzu University of Health Sciences, ndiye munthu wokonda makani akhoza kunena kuti sukuluyo ndi khanda. Sankhani tsiku limene lili ndi pepala lolichitira umboni, enawo muwalembe m'kabuku ka mwambo, nkhani ithe. Mutandifunsa ine, ndingasankhe tsiku limene ophunzira oyamba anakhala pansi m'kalasi, chifukwa ena mwa iwo akadali moyo ndipo akhoza kudzaima kutsogolo n'kunena okha momwe zinalili.

Vuto lanu lalikulu ndi la anthu osayankhawo, ndipo gwero lake ndi pulogalamuyo. Yalembedwera anthu a patebulo lakutsogolo. Dokotala amene ali yekha pachipatala chakutali sangasiye odwala n'kuyenda tsiku lonse kuti akamve zolankhula zisanu zofanana.

Ndinakhalapo pamwambo ngati wanuwu kusukulu ina imene ndinaphunzitsako. Pofika wolankhula wachitatu, mipando yakumbuyo inali itayamba kuyera. Nditatuluka kukawafuna ndinawapeza m'chipinda cha anatomy, popanda wowatuma. Aliyense anali ataima patebulo lomwe lija ankaimapo ali m'chaka choyamba: madokotala aimvi, ena atavula majekete, formalin, mankhwala osungira mitembo aja, akuwatulutsa misozi ngati kale. Mayi wina, katswiri wa matenda a ana, anagwira m'mphepete mwa tebulo lachitsulo n'kuyamba kutchula mayina a anzake a patebulopo, akuloza pamene aliyense ankaima. Atafika padzina lachinayi anasiya kaye, poti mwini wake anatisiya kalekale. Pakhomo panaima bambo wina wokalamba, atavala jekete lowakulira. Iwo ndi amene kale ankasamala mitembo ya m'chipindamo ndi kutsuka zipangizo. Dzina lawo silinali papulogalamu, anangomva kwa anthu kuti kuli mwambo. Koma amene ankakumbukira yemwe anakomoka tsiku loyamba anali iwo, yemwe ankabisala kuseri kwa mafupa oimika pakona pulofesa akayamba mafunso ankamudziwanso iwo. Madokotala aja anafola mzere kuwapatsa moni, ndipo m'holo muja wolankhula wachinayi analankhula kwa ophunzira a chaka choyamba amene anaopsezedwa kuti asatuluke.

Ndiye mukabwerera kukomiti, kafunseni funso limodzi: kodi ndani amene akadapanda kukhalapo sukuluyi sikadatulutsa dokotala? Mndandanda wake ndi wautali kuposa wa mapulofesa. Muli a mulabotale amene ankakonza masilaidi a magazi, anamwino aakulu a m'mawodi amene anakuphunzitsani kuika dilipi pamene aphunzitsi anu anali kumsonkhano, a kumochale, a kulaibulale, woyendetsa basi ya ophunzira. Ku University of Cape Town kunali bambo Hamilton Naki. Analowa ntchito ngati wosamalira maluwa, kenako anasamukira mulabotale yochitira opaleshoni ya nyama, komwe anakhala katswiri mpaka kumaonetsa madokotala achinyamata kasokedwe ka mitsempha ya magazi. Yunivesiteyo inawapatsa digiri yaulemu mu 2003, atapuma kale pantchito, ndipo anamwalira mu 2005. Zaka ziwiri zokha. Akadadikira chikondwerero cha zaka 100 cha sukuluyo mu 2012, digiriyo akadailandira ana awo. A Naki a kusukulu kwanu muwafune chaka chino.

Nkhani ya a Naki ilinso ndi chenjezo kwa inu amene mulembe kabuku. Atamwalira, nyuzipepala zikuluzikulu zinalemba kuti iwo ndi amene anachotsa mtima wa wopereka pa opaleshoni yoyamba padziko lonse yoika mtima wa munthu mwa munthu wina, imene Christiaan Barnard anachita kuchipatala cha Groote Schuur ku Cape Town mu Disembala 1967. Pambuyo pake zinadziwika kuti sizinali choncho, ndipo ena mwa olembawo anachita kubweza mawu. Nkhani za kusukulu zimakula ndi zaka. Chilichonse chimene mkulu wina akuuzeni, chifunseninso kwa mnzake wa chaka chomwecho musanachisindikize.

Tsopano za kusonkhanitsa anthu. Gulu limodzi la anthu mazanamazana siligwira ntchito, aliyense amaganiza kuti ayankha mnzake. Pitani kwa amene amasunga kaundula wa sukulu mukatenge mayina a omaliza maphunziro chaka ndi chaka, ndipo pachaka chilichonse mupeze munthu mmodzi woti asake anzake. Musathamangire amene anatchuka kwambiri, ameneyo foni sayankha. Funani uja ankadziwa za aliyense m'kalasi, amene mpaka lero ndi woyamba kumva wina akakwatira kapena akadwala. Iye aimbe foni, asangotumiza uthenga. Munthu amakana mosavuta kalata ya komiti, koma mnzake amene ankagawana naye manotsi usiku wa mayeso akamuuza kuti ine ndikupita, amayamba kuyang'ana kalendala. Amene asowa kotheratu, kaundula wa khonsolo yolembetsa madokotala angakuthandizeni kudziwa ngati akugwirabe ntchito.

Tsiku mulilengeze miyezi yambiri lisanafike, ndipo mukalilengeza lisasinthe. Madokotala amayendera ndandanda ya ntchito, ndipo kuti mmodzi achoke pamafunika wina womugwirira usiku. Apa pali njira imene makomiti ambiri amaiiwala. Chigawo cha m'mawa chikhale msonkhano wa zamaphunziro, ophunzira akale afotokoze zimene akuchita ndi zimene apeza pakafukufuku, ndipo mupemphe khonsolo kuti ipereke mapointi a CPD, aja amene dokotala amasonkhanitsa posonyeza kuti akupitiriza kuphunzira ali pantchito. Mukatero dokotala akapempha tchuthi kwa abwana ake ali ndi chonena, sakupita kuphwando ayi, akupita kumaphunziro. Olankhula musawatenge m'zipatala zazikulu zokha. Amene wakhala zaka 20 akuchita opaleshoni ya amayi oyembekezera ndi magetsi ozimazima ali ndi zophunzitsa zimene pulofesa sanazionepo. Zolankhula za akuluakulu zikhalepo, ulemu ndi wofunika, koma ziwiri zikwana, ndipo woyendetsa mwambo akhale munthu wosaopa kuimirira pafupi ndi wolankhula nthawi ikatha. Masana muwasiye anthu. Tsegulani makalasi akale, chipinda cha anatomy, mahositelo, ndipo ophunzira a lero akhale owaperekeza.

M'mawodi mokha ndiye musawalowetse chigulu. Odwala sanabwere kudzaonetsedwa. Zithunzi zakale zokhala ndi nkhope za odwala zisapachikidwe pachionetsero, ngakhale zitakhala zokongola chotani.

Kunena za odwala, pezani mphindi zochepa zowakumbukira iwo pamodzi ndi anthu amene matupi awo anagona pamatebulo aja. Masukulu ambiri mu Africa muno akhala akuphunzitsira mitembo ya anthu amene abale awo sanabwere kudzawatenga, anthu amene sanafunsidwe n'komwe. Ku Tzu Chi University ku Taiwan, ophunzira amakacheza ndi banja la munthu amene anapereka thupi lake, amadziwa dzina lake ndi mbiri yake asanagwire mpeni, ndipo akamaliza amasoka thupilo, kuliveka ndi kuliperekeza. Ife ambiri mayina sitinawadziwe. Kuimirira chete pamodzi, kenako wophunzira mmodzi n'kuwerenga mawu othokoza, sikudya ndalama. Mukatha apo muwerenge mayina a ophunzira akale ndi antchito amene anamwalira, chaka ndi chaka, onse, osati otchuka okha. Pasukulu ya zaka 50 mndandandawo ukhala wautali, ndipo m'menemo muli amene anatenga matenda kwa odwala amene ankawathandiza. Mabanja awo muwaitane.

Kabuku ka mwambo kasakhale kodzitamandira kokhakokha. Mu 1869 amayi asanu ndi awiri, motsogozedwa ndi Sophia Jex-Blake, analembetsa maphunziro a udokotala ku Edinburgh. Mu 1870 chigulu cha anthu, ophunzira anzawo aamuna ali momwemo, chinawagenda ndi matope akupita kukalemba mayeso a anatomy, ndipo mapeto ake yunivesiteyo inawakaniza madigiri. Inadzawapatsa mu Julayi 2019, patatha zaka 150, onse ali m'manda, ndipo anawalandirira ndi atsikana asanu ndi awiri amene ankaphunzira udokotala panthawiyo. Anthu amene anaonera mwambowo amaukumbukira kuposa phwando lililonse. Sukulu yanu ili ndi zake: mwina kalasi imene inatsekeredwa kunja chaka chathunthu, mwina mphunzitsi amene anachotsedwa chifukwa chonena zoona, mwina atsikana oyamba amene ankauzidwa kuti akungotha malo a anyamata. Ku Makerere amamudziwa wawo, Josephine Nambooze, mkazi woyamba kumaliza udokotala kumeneko mu 1959. Wanu ndi ndani? Ngati komiti yonse sikumudziwa, ntchito yoyamba ndi imeneyo.

Ndipo apa ndi pamene mafoni anu aja akugwira ntchito yeniyeni. Tumani ophunzira awiriawiri kwa akuluakulu a makalasi oyamba ndi kwa antchito opuma, akawajambule akufotokoza. Mafunso akhale a zinthu zogwirika: munkagona kuti, buku la physiology munkabwerekana angati, wodwala woyamba kumwalira m'manja mwanu munamuuza ndani. Funso loti munamva bwanji limabala mayankho a pamaliro. Zithunzi zakale azijambule ndi foni pomwepo, mwini wake akutchula mayina a onse amene ali pachithunzipo, chifukwa chithunzi chopanda mayina chikatha zaka 20 chimangokhala cha anthu ovala zoyera. Zonsezi musunge kulaibulale ya sukulu, osati mufoni ya mlembi wa komiti. Ntchitoyi iyambe mwezi uno. Ena mwa akuluakuluwo chaka chamawa sadzakhalapo, inu monga dokotala mukudziwa.

Za a kunja aja, a pulofesa akulakwitsa, ngakhale mkwiyo wawo ndikuumvetsa. Amene anatsala ananyamula ntchito ya anthu atatu. Koma ambiri anapita chifukwa maphunziro a ukatswiri umene ankaufuna kwawo kunalibe, ndipo masukulu ambiri anayamba ndi anthu ophunzira kunja. Ophunzira oyamba a College of Medicine ija anayambira maphunziro awo kunja kwa Malawi, ambiri ku Britain, n'kudzamalizira ku Queen Elizabeth Central Hospital. Mfundo zimene bungwe la WHO linakhazikitsa mu 2010 zokhudza kulemba ntchito azaumoyo ochokera m'mayiko ena zimalankhula kwa maboma ndi olemba ntchito, sizinena kuti dokotala wosamuka ndi wolakwa. Aitaneni, ndipo osabwera alowe pa Zoom. Chimene ndimadana nacho ndi mbali inayo, pamene wochokera kunja amamukhazika kutsogolo chifukwa akuyembekezera cheke, wa kuchipatala chakutali n'kumuika pafupi ndi khomo. Khazikani anthu potsata chaka chimene anamaliza, basi. Mkangano wa mipando utha wokha.

Zimene mungawapemphe a kunjawo ndi nthawi yawo: kuphunzitsa pa intaneti kamodzi pamwezi, kudzayesa mayeso a chaka chomaliza, kulandira wophunzira kwa milungu ingapo kuchipatala kwawo, kuwerenga pepala la kafukufuku la dokotala wachinyamata lisanatumizidwe. Akanena zotumiza makina, funsani mafunso musanathokoze. Amayendera magetsi a mavoti 110 kapena 230? Zipangizo zosinthira zikupezeka kuti? Akawonongeka akonza ndani? Zipatala zambiri zili ndi chipinda chodzaza makina amphatso amene anagwira ntchito tsiku lojambulitsa lokha.

Ndalama zipemphedwe, palibe chamanyazi, koma osati pakati pa chakudya munthu akutchulidwa dzina pamaikolofoni. Sankhani chinthu chimodzi chooneka, monga thumba lolipirira fizi ophunzira osowa kapena zidole zophunzirira kutsitsimutsa mwana wobadwa kumene, nenani mtengo wake wonse, tsegulani akaunti yakeyake yokhala ndi osainira a makalasi osiyana, ndipo lonjezani lipoti pakatha chaka. Lipotilo lidzatulukedi, chifukwa amene wapereka n'kusamva kanthu sadzaperekanso pa zaka 60. Ndalama yolowera ikhale yochepa kwa achinyamata ngati inu, ndipo opuma pantchito ndi mabanja a omwalira asalipire. Kampani ya mankhwala ikafuna kuthandiza, ithandize poyera, koma isasankhe olankhula.

Pomaliza mwambo, onse aimirire anene lumbiro pamodzi, akale ndi a lero. Tengani lumbiro la madokotala la ku Geneva la 1948 monga linakonzedwera mu 2017. Akuluakulu analumbira kulemekeza aphunzitsi awo. Latsopanoli limawonjezera kulemekeza anzako ndi ophunzira ako, komanso kusamala thanzi lako lomwe kuti uthe kusamala ena. Pofika mzere wa ophunzirawo mudzaponye diso kwa mphunzitsi uja ankakuchititsani manyazi pamaso pa odwala. Sindikuti mudzaseke.

FUNSO

Mayi,

Ine ndinayamba udokotala koma ndinalephera mayeso a chaka chachitatu kawiri, ndipo anandichotsa. Papita zaka zoposa 20. Pano ndimaphunzitsa sayansi kusekondale, ndili ndi banja, moyo ukuyenda. Mnzanga amene tinkagona chipinda chimodzi wandiika pagulu la kalasi yathu ndipo akulimbikira kuti ndipite kuchikondwerero cha sukuluyo. Mtima ukufuna, koma ndikuopa kukakhala ndekha wopanda dzina la udokotala. Mkazi wanga akuti ndikadzikumbutsa mabala. Ndipite?

Mphunzitsi

YANKHO

Aphunzitsi,

Akazi anu sakunama, balalo likayambanso kuwawa, makamaka mukadutsa pabolodi pamene ankamata zotsatira za mayeso. Komabe ine ndikuti pitani, pokhapokha ngati mukupita kukaona anthu, osati kukadziyeza nawo.

Amene akukuitanani si ofesi ya sukulu, ndi munthu amene munagona naye chipinda chimodzi, ndipo akudziwa bwino kuti simunamalize. Anzanu sakukumbukira malikisi anu. Akukumbukira kuti munkaima mbali iti ya tebulo. Ndipo si inu woyamba kutuluka pakhomo limenelo wopanda digiri. Charles Darwin anayamba udokotala ku Edinburgh mu 1825, n'kuusiya mu 1827 atalephera kupirira opaleshoni za nthawiyo, zochitika popanda mankhwala ogonetsa. Steve Biko, womenyera ufulu wa anthu akuda ku South Africa, analowa sukulu ya udokotala ya University of Natal mu 1966 ndipo anachotsedwa mu 1972 asanamalize, koma lero chipatala chachikulu chophunzitsira madokotala ku Pretoria chili ndi dzina lake. Inuyo pazaka 20 zimenezi n'kutheka kuti mwatumiza ana anu a m'kalasi kusukulu yomweyo. Funsani, mwina mmodzi wa ophunzira operekeza alendo tsikulo anadutsa m'manja mwanu.

Funso loti muli chipatala chiti masiku ano lidzabwera ndithu, kuchokera kwa a makalasi ena amene sakudziwani. Konzeranitu yankho lalifupi, loti ndinasiyira chaka chachitatu, ndimaphunzitsa sayansi, ndipo mulinene musakupepesa. Ambiri adzangofunsa kuti ana a masiku ano akukhoza bwanji biology. Mmodzi kapena awiri adzakweza nsidze, anthu otero sasowa, ndipo ankakwezanso nsidze muli m'chaka choyamba.

Muuzeni mnzanuyo kuti mudzalowe limodzi ndipo akusungireni mpando patebulo la kalasi yanu. Baji ya pachifuwa alembepo dzina lanu ndi chaka chimene munayamba. Ngati msonkhano wa m'mawa ukukulemerani, udumpheni, mufike masana pamene anthu akuzungulira makalasi akale. Akazi anu apite nanu, ndipo mugwirizane musanalowe kuti mukawakodola ndiye kuti nthawi yobwerera yakwana.